Mayi Wosankha Tating'ono

M'mawa uliwonse, asanavule juzi ndiponso asanapereke moni kwa munthu, mayi Kawaya ankatsegula kabati yofunditsa, n'kutulutsamo kambale kagalasi kamodzi, n'kupita nako pawindo loyang'ana kotulukira dzuwa. Ankakanyamula m'mwamba, kukapendeketsa pang'ono kuti kuwala kulowere pansi, n'kukayang'anitsitsa. Akakhutira ndiye ankavala malaya oyera a ntchito, kuyatsa kamoto ka gasi patebulo pawo, kuwotcha kawaya mpaka kufiira psuu, kudikira kuti kazizire, kenako n'kutola kadontho kamodzi m'kambalemo. Timadontho tinkakhalamo tambirimbiri, tina tonenepa ngati mutu wa machesi, tina ngati nsonga ya singano. Iwo ankatola kakang'ono kuposa tonse. Ndinawaona akuchita zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Ine ndinali wotsuka magalasi mu labotale imeneyo, pansanjika yachiwiri ya nyumba yofufuzira matenda, kuseri kwa chipatala chachikulu. Sinki yanga inali pakona, moyang'anizana ndi windo lomwelo. Ndinkayang'aniranso chimphika cha nthunzi chophera tizilombo. Chamoyo chilichonse chimene athana nacho chinkabwera kwa ine, ndichiphike, ndichitaye, galasi lake ndilitsuke. Ankanditcha a Mabotolo. Mayiwa dzina lawo linachokera ku chida chawo, kawaya kopyapyala kopinda kamphete kunsonga, kolowetsa m'chigwiriro chonga pensulo. Anzawo atayamba kugwiritsa ntchito tapulasitiki tongotola kamodzi n'kutaya, iwo anakakamira kawaya kawo, ndipo dzinalo linawamatirira.

Timadonthoto ndi mabakiteriya. Kachilombo kamodzi sungakaone ndi maso, koma ukakaika pa jele wokhala ndi chakudya chake, m'kabati yofunda ngati m'khwapa mwa munthu, kamaswana mpaka banja lake lonse kuoneka ngati kadontho. Zimenezi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anthu ophunzira chotero ankawetereranji tizilombo m'malo motipha. Ndinakhala zaka zisanu ndisanafunse. Tsiku lina tikumwa tiyi pakhonde la kuseri ndinafunsa, ndipo mayi Kawaya anaseka, amvekere funso langa lachedwa kuposa basi ya amuna awo. Amuna awowo anali dalaivala wa basi.

Anandifotokozera kuti mankhwala a khansa ndi poizoni, ndipo poizoni sasankha. Amapita pachotupa, inde, koma amapitanso kutsitsi, m'mimba, m'magazi ndi m'kamwa. A Pulofesa, mkulu wa labotale yathu, ankafuna mankhwala olowa m'thupi ali chigonere, osapweteka kanthu, n'kukadzuka pachotupa pokha. Chowadzutsa chake chinali enzaimu, kanthu kamene kachilombo kena ka m'dothi kamapanga kuti kaziduladulira chakudya chake. Ka m'dothiko n'kovuta kuweta. Choncho anachotsa kachidutswa ka chibadwa chake, kamene ophunzira amati jini, n'kukalowetsa m'mabakiteriya ofatsa a mu labotale kuti iwo ndiwo azipanga enzaimuyo wambiri. Mayi Kawaya mawu akuti jini sankawatchula. Ankangoti katundu.

“Ndiye taganizani, a Mabotolo,” anatero. “Anthu awiri anyamukira limodzi, wina wasenza thumba la simenti, wina manja ali m'matumba. Wonenepa panjirapo akhala ndani? Konenepako nthawi zambiri kataya katundu, n'chifukwa chake kapeza mpata wonenepa. Koondako ndi kamene kakugwira ntchito yathu.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, poti ine ndine woonda kuyambira kale, n'kunena kuti ndisanyade, ena kuonda n'chibadwa chabe.

Za moyo wawo ndinazidziwa pang'onopang'ono, pa tiyi pomwepo. Ali mtsikana ankafuna unamwino, koma tsiku loyamba kulowa m'chipinda cha opaleshoni anakomoka, ndipo anadzuka ali pabenchi, wodwala wina akuwakupiza ndi khadi lake la kuchipatala. Anawasamutsira ku labotale ya pansi, kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuyeza makhololo, mpaka a Pulofesa anawaona dzanja lawo n'kuwakweza kumtunda kuno. Ankakhala kumapeto kwa msewu wa owotcherera zitsulo, m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo ankabwera wapansi, ambulera m'khwapa, mvula igwe isagwe. Basi ya amuna awo ankati sangakwere chifukwa dalaivala wake amamudziwa bwino. Anali ndi ana awiri, mwamuna ndi mkazi, koma akati “anyamata anga” ankatanthauza a m'kabati. Mwana wawo wamwamuna anadandaulapo kuti iye amatchedwa “iwe” pamene tizilombo timatchedwa anyamata.

Analeranso mwana wachitatu, wa mng'ono wawo. Mng'ono wawoyo anamwalira ndi khansa ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Anandiuza kamodzi kokha kuti m'miyezi yomaliza mng'ono wawoyo ankayamba kusanza akangoona geti la chipatala, mankhwala asanalandire n'komwe, ndiponso kuti tsitsi lake likathothoka ankasesa ndi iwo. Sanalire pondiuza, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso. Sindinganene kuti n'chifukwa chake ankagwira ntchito mmene ankagwiriramo. Mwina anali wotero basi.

Maso anayamba kuwavuta ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Anali ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali, ndipo onse tinkadziwa, poti tiyi ankamwa wowawa. Za maso sanauze munthu. Ine ndinangoona kuti zolemba zawo pa mabotolo zayamba kukula. Kenako ndinaona kuti kambale sakukayang'ananso chindunji, akukayang'ana cham'mbali ngati nkhuku. Anayambanso kufika theka la ola anzathu asanabwere, ndipo tsiku lina ndinawapeza pawindo ali ndi galasi lokulitsa zinthu, lija amagwiritsa ntchito okonza mawotchi. Atandiona analibisa m'chikwama.

“Mwaona chiyani, a Mabotolo?”

“Palibe, mayi.”

“Muziona zomwezo.”

Pa tiyi tsiku limenelo anandiuza okha. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo, m'mbali mukuoneka bwino. Anali atapita kale kwa dokotala wa maso kutali ndi kwathu kuno, ndipo anawauza kuti kamtamboko sikachoka, kazingokula. Lamulo la panyumbapo tonse tinkalidziwa: wogwira tizilombo tamoyo aziona bwino, ndipo wosaona amachoka patebulo. Iwo zinawatsalira zaka zinayi kuti apume pa ntchito.

“Ndikachoka patebulo lija ndikakhala pati?” anatero. “Kunyumba kuli kale wopuma mmodzi, ndipo wadzaza nyumba yonse.”

Kuyambira tsiku limenelo mabotolo awo ndinkawandanda mofanana tsiku lililonse, aakulu kumanzere, ang'onoang'ono kumanja, a chivindikiro chofiira kutsogolo, kuti dzanja lawo lizingopita lokha. Sitinakambiranepo zimenezi. Chaka chinatha, palibe anazindikira.

Chaka chotsatira kunabwera dokotala watsopano, munthu wa zaka za m'ma makumi atatu, wongomaliza kumene maphunziro apamwamba. Sanali munthu woipa. Ankapereka moni ngakhale kwa ine, ndipo makina amene anakhala zaka ziwiri ali ofundidwa nsalu anawadzutsa sabata yake yoyamba. Kungoti ankayenda ngati asiya mphika pamoto, ndiye tinawatcha a Changu. A Pulofesa nthawi imeneyo ankayendayenda kumisonkhano, choncho za tsiku ndi tsiku anazisiya m'manja mwa a Changu.

M'mawa wina a Changu anaima kumbuyo kwa mayi Kawaya akutola kadontho kawo.

“Amayi, mumatolerenji todwala? Tonenepati tikhoza kudzaza botolo tsiku limodzi, tanu timatenga masiku awiri.”

“Tanga timafika ndi katundu, adokotala.”

A Changu anaseka mwaulemu, n'kupita pa bolodi. Anafotokoza kuti katunduyo anam'mangirira pamodzi ndi chishango, ndipo mu jele muli mankhwala opha kachilombo kalikonse kopanda chishangocho. Kotaya katundu kataya chishango chomwe, ndiye kafa. Chilichonse chomera m'kambale chili ndi katundu, chonenepa ndi choonda chomwe. Anajambula timizeremizere ndi timivi. Mayi Kawaya anamvetsera mpaka kumapeto, anayamikira kuti adokotala amatha kujambula, ndipo m'mawa mwake anatola kakang'ono.

Zinakhala choncho miyezi ingapo. Kenako amuna a mayi Kawaya anagwa kubafa, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mayiwo anatenga tchuthi cha masabata asanu kuti akawasamale. Kutola kunatsala ndi a Changu.

Anatola tonenepa. Mawa lake anatola konenepa mwa ana a konenepako, mkuja chimodzimodzi. Mabotolo anayamba kudzaza tsiku limodzi monga ananenera, ndipo ntchito yanga pa sinki inawirikiza. A Changu ankaimba mluzu. M'masabata omwewo kunafika firiji yatsopano yoziziritsa kwambiri. Mbewu ya mabakiteriya athu inkasungidwa m'timachubu touma ndi chisanu m'firiji yakale, tambiri zolemba zake zitayamba kufufutika. A Changu anakonza timachubu tatsopano kuchokera ku tonenepa tija, tolembedwa bwino ndi makina, n'kutindanda m'firiji yatsopano. Takale anandipatsa m'beseni kuti ndiphike. Ndinayang'ana beseni, ndinayang'ana tebulo la mayi Kawaya lili lokha. Wotsuka mabotolo safunsa dokotala. Ndinaphika.

Mayi Kawaya anabwerera Lolemba, ataonda, juzi ikuwakhuthukira. Anatsegula kabati, anapita pawindo. Anakhalitsapo kuposa masiku onse. Timadontho tinali tatikulu moti ngakhale iwo anationa popanda galasi lawo lija.

“Anyamata anga adya chiyani?” anafunsa, osacheuka.

Ndinawauza zonse, za beseni zomwe. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati ndinaphika tonse, ine n'kuvomera.

Panali njira yosavuta yoyesera ntchito yathu. Ukathira enzaimu m'kachubu ka mankhwala ogona aja, madziwo ankasanduka achikasu. M'masabata a tchuthi aja a Changu ankangokolola n'kusunga, kuti adzayese zonse pamodzi. Atayesa sabata imeneyo, madzi anangokhala mbee. Anabwereza, mbee. Maselo a khansa amene tinkaweta m'timbale tina, amene kale ankafa akathiridwa mankhwala ndi enzaimu pamodzi, anapitiriza kuswana ngati tawathirira feteleza.

Poyamba a Changu anati ndi sopo wanga watsalira m'magalasi. Ndinatsuka chilichonse katatu, manja mpaka kusuwa. Kenako anati ndi madzi, ndipo anabwera wokonza makina osefera. Mayi Kawaya ananena maganizo awo kamodzi, kuti tonenepa tija tataya katundu. A Changu anayankha kuti n'zosatheka, n'kuloza bolodi, pamene timivi tawo tinali tisanafufutidwe. A Pulofesa atabwera ku ulendo anamva mbali zonse ziwiri, n'kulamula kuti atenge mbewu ya m'firiji ayambirenso. Ya m'firijiyo inamera msanga, yonenepa bwino, ndipo madzi anakhalanso mbee. Atamva kuti timachubu takale tinaphikidwa, a Pulofesa anakhala pansi pa stulu yanga ya pa sinki, chinthu chimene anali asanachitepo. Katundu ameneyu anali atamukonza pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi zinayi kuti enzaimu wake azidzutsa mankhwala msanga. Zolemba zinalipo, koma kumumanganso kukanatenga zaka ziwiri, mwinanso kuposa.

A Changu anatsimikiza kuti m'chipindamo mwalowa kachilombo kachilendo kamene kakuwononga zonse. Anati tiphe chamoyo chilichonse, tipopere mankhwala chipinda chonse, tiyambire pa zolemba. A Pulofesa anavomera. Anaitana opopera kuti abwere Lachisanu teni koloko m'mawa.

Lachitatu mayi Kawaya anagwada pa firiji yaing'ono ya pansi pa tebulo lawo, n'kupisa dzanja kumbuyo kwenikweni. Anatulutsa kachitini ka dzimbiri, m'katimo muli kabotolo kotalika ngati chala, kodzaza jele. Inali njira yakale yosungira mbewu, imene anthu anaisiya mafiriji amphamvu atabwera: umatola kadontho, kubaya nako jele, kutseka ndi phula. Iwo ankabaya kamodzi pachaka, tsiku loyamba la ntchito, osauza munthu. Kameneka kanali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Anauza a Pulofesa mosabisa kuti m'miyezi yonseyo ambiri mwa anyamata awo afa, ndipo otsala ambiri adzakhala otaya katundu, koma mwina mwatsalako awiri atatu okhulupirika. A Pulofesa anati ayese, koma Lachisanu teni koloko chamoyo chilichonse chipita kwa a Mabotolo. Ngati pali chopulumutsa, achione iwo eni ndi maso awo chisanatuluke m'chipindamo.

Mayiwo anapaka timbale makumi awiri. Lachinayi tonenepa tinali titamera kale, tating'ono tisanaoneke. Anati zimenezo ankaziyembekezera, ogona nthawi yaitali sadzuka msanga.

Lachisanu anafika molawirira monga mwa masiku onse, galasi lawo lili m'chikwama, koma anapeza a Changu ndi a Pulofesa afika kale, akukulunga makina m'mapulasitiki. Chikwama anachikoloweka pamsomali osachitsegula. Cha m'ma naini koloko opopera anafika, amuna awiri onyamula mitanki kumsana, n'kukhala pabenchi ya m'khonde akuseka zawo.

Mayi Kawaya anatenga kambale koyamba kupita nako pawindo, a Pulofesa ali kumbuyo kwawo. Anakapendeketsa, anakayang'ana cham'mbali, anakaika pansi. Anatenga kachiwiri. A Changu nawo ananyamula tiwiri titatu, n'kunena kuti pakati pa tonenepa akuonapo timadontho ngati fumbi, koma n'zokandika za galasi lakale ndi thovu la jele, palibe chamoyo. Ananena mopanda mwano, monga munthu wofuna kuti zithe. Ine ndinali pa sinki, chimphika chitayamba kale kutentha.

Pa kambale kachisanu ndi chinayi a Pulofesa anayang'ana wotchi.

“Mayi, mukuonapo kanthu?”

Ndinadziwa kuti akanatha kungoti palibe. Palibe akanawaimba mlandu. Timbale tikanabwera kwa ine, chipinda chikanapoperedwa, ndipo iwo akanakhala patebulo lawo mpaka tsiku lopuma, akutola timadontho ta katundu watsopano ndi galasi lawo lobisa. Anaika kambale pawindo pang'onopang'ono.

“Bwana Pulofesa, ine sindikuona. Patha zaka ziwiri pakati pa maso pangapa pali mtambo. Tonenepa ndikutiona, tating'ono totere ayi.” Kenako anatembenukira kwa ine. “A Mabotolo, pukutani manja mubwere kuno. Magalasi awa mumawadziwa ngati nkhope za ana anu.”

Zinali zoona. Galasi lililonse ndikatsuka ndinkaliyang'ana pa kuwala kuti ndione ngati layera, ndipo m'zaka zonsezo ndinaloweza pamene lililonse linakandikira. A Pulofesa sanandiletse, choncho ndinapukuta manja n'kupita pawindo.

Ntchito tinagawana motere: ine ndinkaona, iwo ankafunsa. Ndikati ndaona kanthu, ankati ndipukute pansi pa galasi ndi chala. Kakachoka, ndi fumbi. Kakapanda kuchoka, ankafunsa ngati kakunyezimira ngati dontho la madzi. Kakatero, ndi thovu. Zokandika ndinkazidumpha ndekha. Tinabwerera ku kambale koyamba, tinadutsa tonse timene anali ataika pansi, osapeza kanthu. Mmodzi wa opopera anasuzumira pakhomo, a Pulofesa anamukweza dzanja kuti adikire. Pa kambale kakhumi ndi chinayi, chakumphepete, pamene ndinkadziwa kuti galasi n'losalala, ndinaona titatu tili pafupipafupi.

“Sitikuchoka, mayi. Sitikunyezimiranso.”

“Mtundu wake?”

“Totuwa. Totukuka pang'ono ngati tiziphuphu ta khanda.”

“M'mphepete mwake?”

“Mozungulira bwinobwino.”

“Ndi iwowo,” anatero. “Mwandizunza, anyamata inu.”

Anakhala patebulo, anayatsa moto, anawotcha kawaya. Ine ndinawerama pambali pawo n'kumanena kuti kumanja, kutsogolo pang'ono, basi pomwepo, tsitsani. Potola kachitatu ndinaona kuti a Changu aima mbali inayo atanyamula machubu atatu a msuzi woweteramo mabakiteriya, popanda wowatuma. A Pulofesa anayang'ana okha pamene panachoka timadonthoto, anagwedeza mutu, ndipo a Changu anatsika ndi machubuwo kukawaika m'kabati ya labotale ya pansi. Zotsala zonse ndinaphika, kupatula timachubu ta m'firiji yatsopano. Opopera analowa nthawi itapitirira ndi theka la ola.

Tinadikira masiku anayi, poti toonda sitifulumira. Lachiwiri a Changu anayesa. Chubu choyamba mbee. Chachiwiri mbee. Chachitatu chinayamba ngati madzi otsukira kapu ya tiyi, kenako chinachita chikasu chenicheni. Palibe anakuwa. Mayi Kawaya anapempha kuti awayandikizire cham'mbali mwa diso, anachiona, n'kunena kuti tiyi wazizira.

A Changu anatenga tonenepa ta m'firiji yatsopano n'kukatifufuza ndi makina awo. Patapita masabata awiri anaimirira pamsonkhano wa Lolemba n'kunena kuti kachilombo kachilendo kunalibe. Tonenepa tija tinali titasunga chishango n'kudula katundu yekha, chinthu chimene iwo sanachiganizire. Anati amayi ananena, iwo n'kumajambula pa bolodi. Mayi Kawaya anawayankha kuti asadandaule, zojambulazo zinali zokongola ndithu.

A Pulofesa anathokoza mayi Kawaya pamaso pa onse, ndipo sabata yomweyo anawatumiza kwa dokotala wa maso wa pantchito. Anati zimene anamva ndi makutu awo sangazibise, poti amasainira ndi iwo kuti aliyense wogwira tizilombo ali bwino. Kalata itabwera inanena zimene tinkadziwa kale. Anawapempha kuti akakhale ku chipinda chosungira katundu mpaka zaka zawo zikwane. Mayiwo anakana. Anati sanaphunzire kulondera mabokosi a magolovesi, ndipo ngati n'kulondera, kunyumba kuli munthu wofunika kumutembenuza pabedi kanayi patsiku.

Pa tiyi ndinawauza kuti beseni lija ndikanapanda kuphika bwenzi zonsezi kulibe. Anati ndisadzitame, ine si woyamba kuphika zimene wapatsidwa. Kenako anati mwina zatha bwino, chifukwa tsiku lina akanadzatola cholakwika, ndipo sakanadziwa n'komwe.

Katundu uja alipobe. A Changu anamusunga m'mafiriji atatu, m'nyumba ziwiri zosiyana, ndipo ndinawaona ndi maso anga akubaya kabotolo ka jele tsiku loyamba la ntchito chaka chotsatira. Pamene ine ndinkapuma, zaka zitatu pambuyo pake, anali atayamba kuyesa mankhwalawo pa mbewa. Zina zinkachira chotupa, zina ayi. Ngati anafika poyesa pa munthu, ine sindinamve. A Pulofesa ankanena kuti ntchito zotere amayamba ena, omaliza n'kukhala ena.

Tsiku lomaliza la mayi Kawaya linali Lachinayi, kunja kuli mitambo. Anafika nthawi yawo, ambulera m'khwapa. Asanavule juzi anatsegula kabati, anatenga kambale, anapita pawindo. Galasi lokulitsa lija analitulutsa poyera, poti panalibenso chobisa, koma atayesa nalo kangapo analibwezera m'chikwama. Anavala malaya oyera, anayatsa moto, anawotcha kawaya mpaka kufiira. A Changu ndi anzathu ena anali pamatebulo awo, aliyense atagwira kanthu, palibe amene ankagwira ntchito. Mayiwo anapendeketsa mutu, anatsitsa dzanja, anagunda, anakweza.

“Ndalasa, a Mabotolo?”

Ndinatseka mpopi, ndinapita kukayang'ana. Kawaya kanali katasiya kachizindikiro pa jele popanda kanthu. Kadontho kakang'ono kanali chapafupi, kosakhudzidwa.

“Mwaphonya pang'ono, mayi. Kali kumanzere.”

“Kumanzere kwanu kapena kwanga?”

“Kwanu.”

Anawotchanso kawaya, anadikira kuti kazizire, n'kutsitsanso dzanja.